Chido wa m'tabuleti

Chido ali ndi miyezi isanu ndi iwiri anatsala pang'ono kundisiya. Anadwala chifuwa, ndinapita naye ku kiliniki ya bungwe lina la tchalitchi kwathu ku Sakubva, anatipatsa mankhwala amadzi a m'botolo, ndipo nditangomumwetsa kachiwiri milomo inayamba kutupa. Thupi lonse linachita ziwengo ngati wagona pa chitedze. Ndinathamanga naye opanda ndi nsapato zomwe. Anamubaya jakisoni, anamuyang'anira mpaka kupuma kunabwerera m'malo mwake, kenako anesi a tsiku limenelo, mayi wachikulire wa magalasi, anandiitanira pa kompyuta.

"Mai Chido, mwana uyu asadzamwenso mankhwala amenewa moyo wake wonse. Ndikulemba muno. Aliyense wotsegula dzina lake aziona."

Dzina la mankhwalawo analitchula, sindikana. Koma khutu langa linali pa chifuwa cha mwana. Ndinangoona zala zawo zikulemba, ndinaona mzere wofiira ukutuluka pansi pa dzina la Chido, mtima unakhala pansi. Botolo anatenga iwo. Pa khadi la sikelo sanalembepo kanthu, anthu anali atadzaza mpaka panja, ndipo ine sindinaganize zowapempha. Ndinkati zalowa m'kompyuta, nanga m'kompyuta muli chiswe?

Ine ndine wamantha, ndimadzidziwa. Mwamuna wanga Tongai amati ndimayang'ana mwana ngati mkaka uli pamoto. Koma iye amayendetsa lole yodutsa pa malire a Forbes kupita ku Beira, mwana amamuona ali wosamba kale, wodzola mafuta. Masika atafika, amayi ake ku Zimunya anatumiza mawu kuti mtedza wakhwima ndipo msana wawo wakana. Tongai anali pa msewu. Wopita ndinali ine.

Ndisananyamuke ndinakawauza a ku kiliniki. Kalaliki wake, bambo wochepa thupi dzina lake Yoswa, anati ndisade nkhawa. Anesi awo amapita kudera la apongozi anga ndi galimoto, amaonera ana pa khonde la tchalitchi.

"Kungoti netiweki kulibe kumeneko, ndiye ana amawanyamula m'tabuleti. Chido wanu ndimuika pa gulu la opita."

"Ndiye muno achokamo?"

"Ayi, muno akhalabe. Tabuleti itenga kope lake."

"Akhala awiri?"

"Mmodzi." Anaganiza pang'ono. "Awiri, koma mmodzi. Pitani bwino, mai."

Ndinatuluka ndisakumvetsa, koma ndinachita manyazi kufunsanso. Sukulu ndinafika nayo Fomu 4, sindinkafuna aganize kuti sindidziwa kope.

Ku Zimunya m'mawa kumazizira, mphepo yochokera m'mapiri imalowa pansi pa chitseko. Tisanamalize n'komwe kukumba mtedza, Chido anayambanso kutsokomola. Thupi linatentha, bere ankangoligwira n'kulisiya. Mwayi wake anesi ankabwera sabata yomweyo. Tinapita ndi apongozi, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo ndikumvetsera kupuma kwa mwana kumsana. Apongozi amalankhula Chishona, amanditcha muroora, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, inenso ndimawayankha m'Chishona, koma mantha anga amabwera m'Chinyanja, ndiye nthawi zambiri ndimangokhala chete.

Nesi wake anali mtsikana wa msinkhu wanga, Sisita Chiedza, wamanja achangu ndi pakamwa pachangu. Anafunsa dzina, anagogoda pa tabuleti, Chido anatuluka: tsiku lobadwa, sikelo yake, katemera yense. Ndinasangalala kumuona, ngati wakumana ndi wachibale pa basi. Sisita anamuyeza pachifuwa, nkhope inasintha pang'ono.

"Chifuwa chatsikira pansi ichi. Panado yekha sathandiza, akufunika mankhwala opha tizilombo."

Anagogodanso pa tabuleti kangapo mofulumira, anapisa dzanja m'bokosi n'kutulutsa botolo. Ine maso anali pa tabuleti. Ndinkafuna kuona chofiira, sindinachione.

"Sisita, mzere wofiira mwauona?"

"Mzere uti?"

"Wa mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Anatupa milomo ku Sakubva. Analemba ndikuona."

Anatembenuza tabuleti kuti ndione ndekha. Pamalo pa mankhwala oletsedwa panalembedwa kuti palibe.

"Panali pongoyera," anatero. "Ndiye ndachonga kuti palibe. Ukapanda kuchonga siikulola kupita patsogolo. Ndikadayamba kufunsa inu, koma onani mzere wa anthuwu." Anaika botolo pansi. "Anali mankhwala anji?"

Ndinatsegula pakamwa, dzina silinabwere. Ndinati anali amadzi, ofiirira pang'ono, onunkhira ngati switi. Sisita anatulutsa botolo lina n'kuliika pambali pa loyamba lija.

"Ndili ndi awiriwa. Ngati anatupa ndi awa, ndimupatsa awo. Ngati anatupa ndi awo, ndimupatsa awa. Ndi ati?"

Ndinawayang'ana, ndinawanunkhiza. Onse ankaoneka ngati omwe aja, kenako onse ankaoneka ngati ena. Ndinaloza la kumanja, dzanja linabwerera lokha. Amayi a pa mzere anayamba kung'ung'udza. Wina anati ana a m'tauni amadwala ndi mphepo yomwe.

"Muroora," apongozi anandinong'oneza, koma kunong'ona kwawo kumamveka mpaka ku msewu, "makina anena kuti palibe. Anthu akudikira. Usatichititse manyazi."

"Ambuya, musiyeni," anatero Sisita. "Makina sayamwitsa. Mai Chido, khalani apo muganize, ndione kaye ana enawa. Sindimupatsa zongoyerekeza."

Sindinakhale. Kuseri kwa tchalitchi kuli chulu chachikulu pamene anthu amakwera akafuna kuimba foni, udzu wake unachita kutha ndi mapazi. Ndinakwera ndi mwana kumsana. Ndinaimba ku kiliniki, foni inangolira osayankhidwa. Ndiye ndinaimbira achimwene anga a Stanford. Iwo amakhala ndi ababa ku Sakubva, ntchito yawo ndi yolemba mapulogalamu a makompyuta a kampani ina ya ku Harare, amagwirira m'chipinda chawo atavala kabudula. Ndinawafotokozera zonse mosokonekera, kuyambira pakati.

"Dekha, Vai. Pamalopo panalembedwa kuti palibe, kapena panali pongoyera?"

"Panali pongoyera. Si chimodzimodzi?"

"Ayi. Tamvera. Chido wa m'kompyuta ali m'nkhokwe yaikulu ya kiliniki. Koma zinthu zake sizikhala pamodzi. Dzina lili apa, sikelo apo, katemera apo, mankhwala oletsedwa penanso, zimangolumikizana. Nesi akakhala pa kompyuta ya ku kiliniki n'kufuna mankhwala oletsedwa, pulogalamu imathamanga kukawatenga nthawi yomweyo. Koma pomuika m'tabuleti amamumasula ku nkhokweyo, amamulongedza ngati katundu wotumiza pa basi. Chimene sichinalowe m'katundu, kumeneko alibe kokachitenga."

"Ndiye anaiwala kulongedza?"

"Si kuiwala kwenikweni. Mapulogalamu amenewa amawapanga aulesi dala. Sanyamula chinthu chimene sunawauze kuti anyamule."

"Aulesi dala? Chifukwa chiyani munthu angapange chinthu chaulesi dala?"

"Kuti chizifulumira."

Pamenepo ndinamva mawu a ababa chapatali, akufunsa kuti ndi ndani. Ababa anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, ndipo foni ya munthu wina m'nyumba mwawo ndi yawonso. Achimwene anawafotokozera mwachidule.

"Ndi ngolo imeneyo," anatero ababa, tsopano pafupi. "Vaileti, ukundimva? Ngolo ukaimasula ku mutu wa sitima umaimanga buleki ya pamanja. Malemu Filimoni anaiwala tsiku lina, ngolo ya malasha inanyamuka yokha, anthu kuithamangira ndi zipewa m'manja. Uwauze anesiwo amange buleki."

"Ababa, si sitima iyi."

"Zonse ndi sitima. Unaphunzira ndi ndalama za sitima iwe."

"Achimwene," ndinalowerera, "nesi wachonga kale kuti palibe."

Mawu a achimwene anasintha.

"Wachonga?"

"Akuti siinkamulola kupita patsogolo."

"Tabuletiyo ibwerera liti ku kiliniki?"

"Lero, akamaliza."

"Vai, ikakafika idzabweza Chido wake m'nkhokwe. Pulogalamu ikaona kuti uyu ndi wa lero, uyo ndi wakale, ikhoza kukhulupirira wa leroyo."

"Ndiye mzere wofiira uja?"

"Ukhoza kufufutika. Mwinanso ayi, ena amaika chotchinga kuti zisatero. Zimatengera amene anailemba. Si ine ndinailemba."

"Mukadakhala inu?"

"Ndikadakhala ine..." Anapumira m'mwamba. "Mwina nanenso ndikadalakwitsa pomwepo. Malo amenewo amagwetsa anthu ambiri. Chachikulu, dzina la mankhwalawo ukaliwerenge tabuleti isanalankhule ndi kompyuta ya ku kiliniki. Ine ndipita komweko pompano, koma sangandionetse za mwana wa eni."

Ndinatsika pa chulu n'kubwerera pa khonde. Zimene ndinamuuza Sisita Chiedza sindikudziwa ngati zinali zomveka. Ndinati Chido anamumasula, pulogalamu ndi yaulesi, wa m'tabuletiyu akakafika akafufuta wa ku Sakubva, ndipo ababa akuti mumange buleki. Anandiyang'ana, anayang'ana apongozi, apongozi anayang'ana kumwamba.

"Za buleki sindinazimve," anatero Sisita. "Koma zofufutazo ndazimva. Mwezi watha sikelo ya mwana wina inabwerera m'mbuyo yokha, tinkati ndife tinalakwitsa."

Anayesa kuchotsa chochonga chija. Tabuleti inakana. Inkalola zinthu ziwiri zokha: palibe, kapena dzina la mankhwala. Kubwerera poyera paja kunalibe njira. Anayesa kulemba kuti amayi akuti alipo koma dzina silikudziwika, malo olembapo zotero panalibe.

"Ndilembe onse awiri?" anadzifunsa yekha. "Ayi, ndiye mwana akhala wopanda mankhwala kulikonse." Anamupatsa Chido panado. "Mukwera nafe galimoto. Sitinyamula anthu, koma wodwala ndi wodwala. Mukawerenga nokha."

Apongozi sanakondwe. Anati mtedza uli pabwalo, mitambo ikusonkhana, ndipo iwo ana asanu analera opanda tabuleti. Koma pamene ndinkakwera anamasula zambia, chitenje chawo cha m'chiuno, n'kumufunditsa mwana.

"Mphepo ya m'galimoto ndi yoipa. Ukafika utumize mawu pa foni ya aphunzitsi a pafupi nafe, andiuza."

M'galimoto ndinakhala kumbuyo pakati pa mabokosi. Tabuleti inali m'chikwama pa mapazi a Sisita, ndipo ine ndinkangoyang'ana chikwamacho ngati muli njoka. Titakwera kamtunda kena mafoni onse anayamba kulira, mauthenga a tsiku lonse akulowa nthawi imodzi. Ndinaloza chikwama chija.

"Sisita, yayamba kulankhula."

"Ayi, iyi ilibe layini. Imalankhula ndi intaneti ya ku kiliniki yokha."

"Imayamba pati? Pa geti, kapena m'kati?"

"Sindinayambe ndaifunsapo." Anaitulutsa. "Mwina pa geti."

"Ndiye muizimitse."

Dalaivala anaseka. "Mai awa akuopa tabuleti ngati apolisi a pa msewu."

"Yendetsani galimoto, sekuru," anatero Sisita. Anakanikiza batani mpaka galasi linada, n'kundipatsa. "Gwirani nokha, mwina mtima ukhala pansi."

Ndinaigwira. Mwana pamiyendo akupuma movutikira, tabuleti m'khwapa. Njira yonse ndinkaganiza za Chido wa m'katimo, wokhala ndi dzina lake, sikelo yake, katemera wake, koma wosadziwa kuti anatupapo milomo. Kodi wolakwa anali iye, kapena amene anamulongedza, kapena ine amene ndinamva dzina osalisunga? Ndinkafika pa yankho limodzi, galimoto ikagwa m'dzenje ndinkayambiranso.

Titafika ku Sakubva dzuwa linali litapendeka. Achimwene anali pa geti, atavala buluku tsopano. Anesi a magalasi aja kunalibe, akuti anapita ku tchuthi kwa mwana wawo ku Gweru. Yoswa anali akutseka mawindo. Sisita anamuuza kuti asazimitse kompyuta, ndipo tonse tinaunjikana kumbuyo kwake. Analemba dzina. Kompyuta inazungulira, inazungulira. Ndinkangofinya tabuleti ija m'khwapa kuopa kuti ingadzuke yokha.

Mzere wofiira unalipo.

"Amokisisilini," anawerenga Sisita Chiedza. Anatsegula bokosi lake, anatulutsa botolo limene anayamba kutenga ku tchalitchi kuja, analiyang'ana n'kulibwezera. Dzina la pa botololo linali lomwelo. Anatenga khadi la Chido, analemba dzinalo ndi cholembera chofiira pachikuto, kumbuyo, ndi m'kati momwe. Kenako anandipatsa mankhwala a botolo linalo, anandikhazika pa benchi kuti aone ngati mwana sachita zachilendo atamwa.

Achimwene ankakambirana ndi Yoswa, theka Chishona theka Chingerezi. Ndinangotolapo kuti pulogalamuyo anailemba anthu ena akutali, kuti Yoswa awatumizira uthenga, ndi kuti tabuleti iyenera kuyatsidwabe chifukwa muli ana ambiri a tsikulo.

"Ndiye ifufuta?" ndinafunsa.

"Mwina," anatero Yoswa. "Ikafufuta ndilembanso."

"Mudziwa bwanji kuti yafufuta?"

"Ndiyang'ana."

"Nanga ana enawo? Amene amayi awo sanaone mzere?"

Yoswa anayang'ana achimwene. Achimwene anakanda m'mutu. Sisita anati Lolemba akhala pansi ayang'ane mmodzimmodzi, ndipo kuyambira tsopano azifunsa mayi asanachonge. Ndinaisiya tabuleti pa tebulo.

Tinagona kwa ababa. Iwo anamvetsera nkhani yonse, anati akadafunsidwa poyamba zonsezi sizikadachitika. Chido thupi linazizira tsiku lotsatira, bere anayambanso kulikoka mwaukali. Ine ntchito inali yobwereza dzina lija. Posamba, pochapa matewera, popita ku msika. Ndinaliphunzira monga tinkaphunzirira mitsinje ya pa mapu kusukulu.

Patapita masiku ndinabwerera naye kukamuonetsa. Ndinapeza nesi wina amene sindinamuonepo, bambo waulemu. Anamuyeza, anati chifuwa chayera, anatsegula kompyuta kuti alembe.

"Mankhwala oletsedwa palibe, eti mai?"

"Alipo. Amokisisilini."

Anayang'anitsitsa pa galasi. "Muno mwalembedwa kuti palibe."

Ndinamupatsa khadi. Anawerenga zofiira zija, anaitana Yoswa. Yoswa anati anayang'ana tsiku lomwelo madzulo, mzere unalipo. Anayang'ananso m'mawa mwake, unalipo. Wachoka liti, sakudziwa. Mwina tabuleti inachedwa kumaliza kubweza ana. Analembanso ndikuona.

"Ndikubwerera ku Zimunya," ndinatero. "Mumuikanso m'tabuleti?"

"Timuika."

"Ulendo uno alongedza zonse?"

"Olemba pulogalamu aja anayankha kuti akonza."

"Akonza, kapena akonza kale?"

Yoswa anatsegula uthengawo, anauwerenga kawiri milomo ikugwedera. "Akuti akuziyang'ana."

Ndinakwera kombi ya ku Zimunya ndi khadi m'kati mwa bulauzi. Ndinapeza mtedza utalowa m'nyumba, mvula siinagwe. Apongozi anali pa mkeka akuswa wa mbewu. Anamulandira mwana, anamuyang'ana milomo, anamuyang'ana m'khosi, kenako anandifunsa ngati makina aja achira.

"Sindikudziwa, amai. Akuti akuwayang'ana."

"Ndiye tsiku lina iwe uli ku chitsime, mwana watentha, anesi abwera, wopita naye ndine. Ndikanena chiyani?"

"Mukawaonetsa khadi."

"Khadi umayenda nalo m'mawere. Ndiuze dzinalo."

Ndinawauza. Anayesa, linawathyokera pakati. Ndinaligawa pawiri, anatenga theka loyamba, lachiwiri linatayika. Anakalipa kuti azungu amatcha mankhwala ngati akutukwana. Anakankhira lichero la mtedza kwa ine kuti manja anga asakhale chabe, anamukhazika bwino Chido pamiyendo pawo.

"Bwerezanso, muroora. Pang'onopang'ono."